Utsi Uchepe, Koma Wina Asagone ndi Njala



Tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy. Mu 2023 anapha anthu mazanamazana ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Akatswiri a zanyengo akuti dziko likutentha. Chikutenthetsa ndi mpweya woipa wochokera ku malasha, mafuta a galimoto ndi mitengo yootchedwa.

Mu 2015 maiko anapangana ku Paris kuti achepetse mpweyawu. Cholinga nchakuti wotuluka usapose umene mitengo ndi nthaka zingamwe. Nzabwino zimenezi. Koma nanga amene amadyera pa utsipo atani?

Tamvani za ku South Africa. Kumeneko magetsi ambiri amapangidwa ndi malasha. Mu 2021, ku Glasgow, maiko olemera analonjeza madola 8.5 biliyoni kuti dzikolo liyambe kusiya malasha. Mu 2022 malo opangira magetsi a Komati anatsekedwa. Ntchito zatsopano zinachedwa kubwera. Aganyu ndi amalonda a pafupi anasoŵa pogwira.

Kwathu kuno nkhani ndi ya makala ndi nkhuni. Pafupifupi banja lililonse limaphikira zimenezi. Mapiri ayera. Komatu wootcha makala ndi mbale wathu. Ana ake amadya za thumba lomwelo. Kungomulanda njinga sikumupatsa ntchito ina. Maŵa abwereranso kuphiri.

Nanga inu mungachitepo chiyani? Tsopano mumatha kulemba ndi kuŵerengera. Tengani kope. Lembani mitolo ya nkhuni imene mwaphikira pa mafuwa sabata ino. Kenaka yesani chitetezo mbaula, ija youmba ndi dongo. Lembaninso mitolo yake. Lembani mbande zimene munabzala ndi zimene zagwira. Funsani ootcha makala ndalama zimene amapeza pa mwezi. Afunseninso ntchito imene angaifune m'malo mwake, kaya njuchi, kaya dimba.

Zolembazo ndi umboni. Mupite nazo kwa amfumu, kwa alangizi a zankhalango ndi ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Abwera a mabungwe, muŵaonetse kopelo asanayambe ntchito yawo. Zapakamwa zimaiŵalika, koma za m'kope munthu sangazikane.

Mutu umodzi susenza denga. Boma lili ndi mbali yake, maiko olemera ali ndi yawo. Yathu iyambe ndi kope ndi pensulo. Sabata ya maŵa aliyense abwere ndi tsamba lake.