Mbatata ndi chakudya, ndi mankhwalanso

Amayi ndi abambo, anzanga pa nkhondo yolimbana ndi umbuli, lero ndalemba mawu amodzi pa bolodi. Tiwerenge pamodzi: mba-ta-ta.

Mbatata inachokera ku America. Dzina lake tinalitenga kwa Apwitikizi, amene amati batata. Ili ndi abale ake kuthengo, zomera zoyanga m'mitengo ndi m'mipanda, za maluwa onga lipenga amene amamasula m'mawa, dzuwa likakwera n'kufota. Njere za zina mwa izo zili ndi poizoni. Ana asamazitafune.

Tsono mvetsani. Alipo mwana amene usana amaona bwino, koma kukayamba chisisira amapunthwa, amafufuza mbale ya nsima ndi manja. Ena amati walodzedwa. Iyayi! Kawirikawiri thupi lake lasowa vitamini A, ndipo mukachedwa maso amatha kuferatu. Pitani naye kuchipatala msanga. Kunyumba muzimuphikira mbatata yofiira m'kati. Yoyera ija imakhutitsa, koma vitamini ameneyu ilibe wokwanira. Mbewu yofiirayi inagawidwa kwambiri m'dziko lathu la Mozambique atapita madzi osefukira a chaka cha 2000.

Vitamini A amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi mafuta. Choncho futali wothira nsinjiro si chakudya cha umphawi ayi. Kholowa nayenso musamunyoze, amathandiza magazi. Koma musamuphike mpaka kuda bii.

Kabzalidwe mukukadziwa kuposa ine, ndingokumbutsa. Dulani nsonga za mbewu yopanda matenda, zotalika masentimita 30, ngati kuchokera pachigongono kufika pachikhatho. Kwirirani mfundo zitatu pamzere, mvula itagwa. Pakatha miyezi 4 kapena 5 mwayamba kukumba. Mzere ukang'aluka, utsekeni ndi dothi, chifukwa m'ming'alumo ndi mmene nankafumbwe amalowera, mbatata n'kuwawa.

Vuto lathu lenileni ndi la chilimwe. Tikakumba timasiya kholowa m'munda, mbuzi n'kudya, wotsala n'kuuma. Mvula ikagwa tiyamba kuyendayenda kupempha mbewu kwa anansi, nthawi n'kutha. Chaka chino tisatero. Kalasi lino lipatule kachigawo kudimba, titchinge ndi minga, tizithirira mosinthana. Mayina a othirira tiwalemba tokha, aliyense ndi dzanja lake. Amene ayambe Lolemba abwere atenge choko.