Tisamale Malo Athu a Ntchito

Abale ndi alongo, takumana lero kuti tikambirane za chitetezo cha nyumba ndi malo amene timagwirirapo ntchito: sukulu, chipatala, chigayo, ofesi ya parishi, ndiponso nyumba zosungiramo chimanga, feteleza kapena mabuku. Ambiri a ife timaganiza kuti nkhani imeneyi ndi ya mlonda. Tikagula loko wamkulu ndi kulemba mlonda, timati basi tamaliza. Koma loko ndi mlonda paokha sakwanira. Chimene chimateteza malo ndi dongosolo limene anthu onse a pamalopo agwirizana, ndipo akulitsata tsiku ndi tsiku.

Tiyambe ndi zitsanzo ziwiri za m'dziko mwathu muno. Mu Julayi 2014, nyumba yosungiramo katundu wa bungwe loyendetsa zisankho ku Lilongwe idapsa. M'katimo mudali mavoti a dera la Lilongwe City South East, amene khoti lidalamula kuti awerengedwenso. Mavoti atapsa, padalibenso choti n'kuwerenga. Anthu a dera limenelo adadikira mpaka mu Okutobala 2017 pamene adavotanso, ndipo amene adakadandaula ku khoti uja ndiye adapambana. Mu Disembala 2015, nyumba ya mabuku ya pa Mzuzu University idapsanso, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 adasanduka phulusa. Ophunzira adatsala opanda powerengera.

Taonani abale, nyumba ikapsa kapena ikathyoledwa, chowonongeka si njerwa ndi malata okha. Kumawonongekanso ufulu wa anthu: ufulu wosankha mtsogoleri, ufulu wa maphunziro, ufulu wolandira mankhwala. Akaba mankhwala pa chipatala chathu, wodwala ndi mwana wathu. Akazula sola ya pa sukulu, okhala mu mdima ndi ana athu. Tsono mawu aja oti "ndi za boma" kapena "ndi za mishoni" tiwasiye, chifukwa katunduyo ndi wathu. Tiyeni tione zinthu zisanu ndi chimodzi zimene tingachite popanda ndalama zambiri.

1. Makiyi

Pa sukulu ina imene tidaphunzitsapo, kiyi wa ofesi tinkamuika pansi pa mwala pafupi ndi khomo, kuti aliyense wofika msanga atsegule. Tinkayesa kuti ndi chinsinsi cha aphunzitsi, koma ngakhale ana a Sitandade 2 ankaudziwa mwalawo. Tsiku lina tidapeza mabuku ndi mipira zasowa, loko ali bwinobwino, chitseko chosathyoka. Tidayamba kukayikirana tokhatokha, ndipo ubale wathu udasokonekera chaka chathunthu. Choncho tidziwe kuti loko aliyense ali ndi makiyi angati, ndipo akusunga ndani. Wotenga kiyi alembe dzina lake ndi nthawi. Kiyi akatayika, kapena wosunga akasiya ntchito osabweza, tisinthe loko tsiku lomwelo. Kumene kuli katundu wamtengo wapatali tiike maloko awiri, makiyi ake asungidwe ndi anthu awiri osiyana, kuti pasakhale wotsegula yekha.

2. Kaundula wa katundu

Sitingadziwe chimene chasowa ngati sitidziwa chimene tili nacho. Pakhale buku lolembamo katundu yense: madesiki, matumba, malata, njinga, makina. Chilichonse cholowa kapena chotuluka chilembedwe, ndipo asayinire anthu awiri. Kamodzi pa mwezi komiti iwerenge katundu ndi maso, osangomva za m'kamwa. Pa mipando ndi pa makina tilembepo dzina la malo athu ndi penti, pakuti wakuba amavutika kugulitsa chinthu chokhala ndi dzina la mwini wake. Kaundulayu amatetezanso wantchito wokhulupirika kuti asanamiziridwe.

3. Mlonda

Timamusiyira munthu katundu wa ndalama zambiri, koma iye alibe tochi, alibe wezulo, alibe chovala cha mphepo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo malipiro ake amachedwa miyezi iwiri. Kodi pamenepo tachita chilungamo? Mlonda wanjala ndi wosavuta kumunyengerera. Timulipire pa nthawi yake, ndipo malipiro asatsike pa mlingo umene boma lidakhazikitsa. Akhale ndi tsiku lopuma, pogona mvula, ndi foni yokhala ndi mayunitsi. Polemba mlonda tifunse kwa amfumu ndi kwa anthu omudziwa. Timuuzenso momveka kuti akuba akabwera ndi zikwanje, ntchito yake ndi kuliza wezulo ndi kuitana anthu. Moyo wake uposa katundu.

4. Mpanda ndi bwalo

Mpanda wa njerwa ndi wokwera mtengo, koma mpanda wa mitengo yaminga kapena khonje tingathe kubzala tokha. Chofunika ndi chakuti polowera pakhale pamodzi, ndipo mlendo aliyense afunsidwe mwaulemu kumene akupita. Tidule zitsamba zimene zili pafupi ndi mawindo, pakuti m'menemo ndi mobisala akuba. Makwerero, makasu ndi zitsulo tisazisiye panja usiku, chifukwa wakuba amathyolera nyumba ndi zida zathu zomwe. Nyali ya panja iwalitse pa zitseko ndi kuseri kwa nyumba. Babu likapsa tisinthe msanga, tisamati tidzaona mawa. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa.

5. Moto

Moto umamaliza pa ola limodzi zimene wakuba sangathe kunyamula chaka chonse. Kuyambira mu Ogasiti mpaka mu Okutobala udzu umakhala wouma ndipo anyamata osaka mbewa amatentha tchire. Tilambule udzu wonse mozungulira nyumba nthawi imeneyi isanafike. Mafuta a chigayo ndi petulo zisakhale chipinda chimodzi ndi mapepala. Mawaya a magetsi akonzedwe ndi munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo poweruka tizimitse zonse. Pa khomo pakhale ndowa za mchenga. Moto woyamba ndi magetsi sitithira madzi: tiyambe tazimitsa magetsi pa switchi yaikulu. Tikumbukirenso kuti zitsulo za m'mawindo zimene zimatsekera wakuba kunja, zingathenso kutsekera anthu m'kati. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la chaka cha 1997 lidakhazikitsa kuti pakhale njira yothawira moto. Choncho kumene kumagona ophunzira kapena odwala tisakhome chitseko ndi kunja.

6. Tikagwira wakuba

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Mtima ukapsa timafuna kumenya, ena mpaka kutentha munthu. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 akuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litampeza wolakwa. Akutinso womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Wopha wakuba amasanduka wopalamula mlandu woposa wa wakubayo. Timugwire, timusunge osamuvulaza, ndipo tiitane apolisi. Pamalo pothyoledwa tisagwiregwire zinthu apolisi asanafike. Tigwirizane ndi komiti ya chitetezo cha m'mudzi, ndipo ife eni tileke kugula malata, mankhwala kapena mawaya otchipa a m'njira zokayikitsa. Wogula zakuba ndiye amatuma wakuba kuti abwererenso.

Abale ndi alongo, mutu umodzi susenza denga. Sabata ino komiti iliyonse iyendere malo ake masana ndiponso usiku, ione ndi maso a wakuba ndi maso a moto, ndipo pa msonkhano wotsatira idzatiuze zimene yapeza ndi zimene yakonza.

Mafunso okambirana m'magulu

a) Kodi makiyi a sukulu, chigayo kapena ofesi yathu alipo angati, ndipo akusunga ndani?

b) Kodi mlonda wathu adalandira liti malipiro ake omaliza, ndipo ali ndi zida zotani?

c) Moto utabuka usiku uno, anthu angatulukire pati, ndipo tingayambe kuitana yani?