Mvula ya Kumapiri, Madzi a Kuchigwa

Mawu olankhulidwa pamsonkhano wa makomiti a chitukuko cha m'midzi kumayambiriro kwa Novembala.

Boma la Dedza limakhala ndi nyengo ziwiri m'mwezi umodzi. Kumtunda, ku Bembeke ndi paboma, usiku kumazizirabe. Kumunsi kwa Khwekhwerere, ku Golomoti ndi Mtakataka, kutentha kumafika pachimake. Kutenthaku ndiko kumaunjika mitambo pamwamba pa mapiri masana, ndipo mvula yake imadza ndi mabingu, ziphaliwali ndi mphepo yosasula madenga.

Mvula yotereyi imagwa mwa apo ndi apo. Ikhoza kunyowetsa mudzi umodzi, wina woyandikana nawo n'kukhalabe pafumbi, kenaka n'kudula kwa masabata awiri. Mlimi wothamangira kubzala ndi chizimalupsa amaotcha mbewu yomwe anaigula movutikira, ndipo yobwerezera saipeza. Khonsolo ikupempha alimi kuti adikire mpaka chinyezi chitalowa pansi mokwanira, atafunsanso alangizi a zaulimi ndi kumvera uthenga wa Nthambi Yoona za Nyengo pawailesi.

Nkhawa yaikulu ili kwa anthu a kuchigwa. Mitsinje monga Nadzipulu ndi Livulezi imadzaza ndi madzi a mvula imene yagwa kumapiri, ngakhale kumunsi dzuwa likuswa mtengo. Popeza mitengo yatha m'malo otsetsereka ambiri, madziwo amatsika mofulumira, atasenza miyala ndi matope. Makolo asalole ana kuoloka mtsinje popita kusukulu madzi akasanduka ofiira, ndipo mafumu aonetsetse kuti ngalande za m'misewu zatsegulidwa mwezi uno usanathe.