Kagalasi Kofiira Nkofunika Usiku

Mlangizi wa zaulimi pobwerera kwawo pa njinga yamoto dzuŵa litaloŵa amadalira nyale yakutsogolo. Komatu nyaleyo imamuonetsa njira chabe. Woyendetsa lole amene akudza pambuyo saiona. Pamsewu wa M1 cha ku Dedza, kumene kumachita nkhungu m'nyengo yachisanu, ngozi yake njaikulu.

Babu lakumbuyo likapsa, chomtchinjiriza ndi kagalasi kofiira kamene kamabweza kuŵala kwa nyale za galimoto m'maso mwa woyendetsayo. Kagalasiko sikalira batire, koma fumbi ndi matope zikakaphimba kalibenso ntchito. Motero wokwera aliyense ayenera kukapukuta asananyamuke, ndiponso kuvala chonyezimira pamwamba pa jekete.

Njinga ikaphwanyika Boma ligula ina, koma mlangizi akafa ana ake atsala amasiye.