Mau kwa Eni Nsalu Zopeta



Poyamba ndiyamika inu amayi amene mwatsegula mabokosi anu, ndi kutibwereka nsalu zopeta kuti zionetsedwe pa chikondwerero chathu cha jubili. Ndidziwa kuti sikunali kwapafupi. Mayi wina wa kuno ku Area 2 anandibweza kawiri, ndipo sindinawayese oumira, pakuti kansalu kapagome kameneko ndiko kokha kanatsala ka amayi awo. Nyumba ya kumudzi inagwa kale, ndi munda abale anagawana.

Pamene Dorika anamwalira ku Yopa, akazi amasiye anaonetsa Petro malaya amene iye anasoka, ndipo malayawo anamchitira umboni. Momwemonso nsalu izi. M'mabuku mwalembedwa kuti A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anafika ku Mvera m'chaka cha 1889, kuti misyoni ya Nkhoma inakhazikika mu 1896, ndi kuti Chigwirizano cha amayi chinayamba mu 1940. Nanga asungwana aja amene anaphunzira kugwira singano pamisyoni, nabwerera kumidzi kukaphunzitsa anzawo, maina awo ali m'buku liti? Ana awo anadza ku Lilongwe pofuna ntchito, makamaka mzinda uno utakhala likulu mu 1975. Nsaluzo zinadza nawo m'masutikesi, koma mbiri yake inatsala m'njira.

Chifukwa chake ndikupemphani inu akatekisiti, musalandire nsalu osayamba mwakhala pansi ndi mwini wake. Lembani dzina la woipeta, mudzi wake ndi mfumu yake, ndi amene anamphunzitsa. Chaka chikaiwalika musapeke ai. Funsani ngati inasokedwa njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, pakuti njala imeneyo akuluakulu saiiwala.

Tsono za kasungidwe. Nsalu yobwereka isachapidwe, isasitidwe, ngakhale yathimbirira kapena njenjete zinaiboola. Ndidziwa kuti manja a amayi ena ayabwa poona banga, koma ulusi wokalamba suchedwa kuduka. Musaikhome ndi misomali pakhoma; iyalidwe pagome patali ndi zenera, popeza dzuwa lisulutsa maluwa ake. Ana aone ndi maso okha.

Chionetsero chikatha, yense wa inu amene analandira nsalu apite nayo yekha kunyumba kumene inachokera, naipereke m'manja mwa mwini wake, pamodzi ndi pepala lija la maina.