MANYOWA NDIWO CHAKUDYA CHA NTHAKA

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi ndi mlangizi wa zamalimidwe wa ku Blantyre.

Lero ndifuna kukamba ndi inu amene mulima pafupi ndi tauni: ku Chigumula, Bangwe, Machinjiri, Chilomoni ndi m'tsinde mwa phiri la Ndirande.

Kale munda ukaguga, makolo athu ankausiya tsala nakatema mphanje kwina. Lero mphanje kulibe. Nyumba zachuluka, minda yachepa, ndipo kamunda komweko kabzalidwa chimanga chaka ndi chaka. Tsono nthaka yotere idzadya chiyani?

Ambiri a inu mudzati, "Feteleza." Indedi feteleza ali wabwino, akulitsa chimanga msanga. Koma iye adyetsa mbewu yokha, sakonza nthaka. Nthaka yopanda manyowa iuma gwa, siisunga madzi, ndipo mvula yamphamvu ikagwa ikokolola feteleza wanu kunka naye ku Mudi. Ndiponso mudziwa kuti mtengo wake unakwera kwambiri mu chaka cha 2022 chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine, nukweranso pamene kwacha inachepa mphamvu mu November 2023. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Manyowa ali pakhomo panu pomwe.

Kapangidwe ka manyowa a chimato ndi aka. Sankhani malo a pamthunzi. Dulani mapesi, masangwe a nyemba ndi udzu timizidutswa, nimuyale pansi. Pamwamba pake thirani ndowe za ng'ombe, mbuzi kapena zitosi za nkhuku, kenaka phulusa pang'ono ndi madzi. Bwerezani chotero kufikira mulu wafika m'chiuno, ndipo muumate ndi dothi, kusiya kabowo pamwamba kopitira mpweya. Zikani ndodo pakati. Patapita masiku owerengeka izuleni: ikakhala yofunda, manyowa alikupsa, ikakhala yozizira ndi youma, onjezani madzi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu adzakhala akuda, ofumbutuka, osanunkha. Musaikemo mapulasitiki kapena magalasi ochokera kudzala.

Pobzala, thirani manja awiri pa phando lililonse. Mizere italikirane masentimita 75 ndipo ipingase chitunda, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Amene ali ndi feteleza pang'ono athire ndithu. Pa nthaka ya manyowa iye agwira ntchito koposa.

Amayi, kumbukirani ponka kuchigayo. Mukakonoletsa chimanga musasiye gaga kumeneko. Bwerani naye adye nkhuku ndi nkhumba, ndipo zitosi zake zibwerere kumunda. Masiku ena gayitsani mgaiwa, pakuti uli ndi chakudya cholimbitsa thupi la ana kuposa ufa woyera.

Tsono inu mafumu, mawu anga otsiriza ali kwa inu. Moto wa anyamata osaka mbewa utentha mapesi amene akanasanduka manyowa, nusiya nthaka yamaliseche. Itanani anthu anu pabwalo, letsani kutentha minda, ndipo mulu woyamba wa manyowa uoneke pakhomo pa mfumu. Yambani mukangokolola, musadikire mabingu. Wofuna kuona ndi maso kapangidwe kake afunse mlangizi wa dera lake.