Utsi Sudziwa Malire

(Mawu amene mnzathu wina anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa ophunzira akale ku Nkhotakota)



Tonse tikudziwa kuti kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala kumwamba kuno kumachita mbuu. Dzuwa limatuluka m'nyanja lili psuu, ndipo mapiri a ku Mozambique, amene asodzi athu amawadziwa bwino, saonekanso. Zimenezi si nkhungu zija timadyazi ayi, koma utsi wa moto wolusa.

Utsi wina ndi wathu womwe. Timatentha tchire posaka mbewa, pofula uchi ndi posweta m'minda, ndipo moto wina umalowa m'nkhalango ya Nkhotakota, imene a African Parks akuisamalira kuyambira chaka cha 2015. Wina umabwera ndi mphepo kuchokera ku Niassa ndi ku maiko ena oyandikana nafe, monga momwe wathu umapitira kwa iwo. Mu 2000, akatswiri a kafukufuku wa SAFARI 2000 anaona utsi wa chigawo chino cha Africa ukuyenda ngati mtsinje kulowera ku Indian Ocean.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1997 moto wa ku Indonesia unaphimba Malaysia ndi Singapore ndi utsi, ndipo mu 2002 maiko a kumeneko anasainirana pangano lolimbana nawo.

Choopsa mu utsi ndi tifumbi tosaoneka ndi maso timene timalowa mpaka m'mapapo. Ovutika kwambiri ndi makanda, agogo athu, ndi odwala mphumu kapena chifuwa chachikulu. Iwowa satentha nawo tchire, koma ndi amene amagona akutsokomola.

Mphepo sitingailamule, koma machesi ali m'manja mwathu. Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Poyamba, tizikwirira mapesi m'malo mowatentha, chifukwa amasanduka manyowa. Chachiwiri, tizilambula njira zotchinga moto kuzungulira nkhalango za m'midzi ndi mitengo ya pasukulu. Chachitatu, tikambirane ndi mafumu kuti ngati tchire liyenera kutenthedwa, litenthedwe mu Meyi kapena Juni, udzu usanaumitse, pamene moto sulusa.

Ife tinapita kusukulu, ndipo kumudzi amatimvera. Tikapanda kulankhula ifeyo, adzalankhula ndani? Mutu umodzi susenza denga. Aliyense akayambire kwawo chaka chino.